James Barnor, gogo amene adasunga nkhope za Aafrika mu London

Kuno ku London munthu amene wagwira mopu m'bandakucha sungamudziwe kuti kwawo adali yani. Ena adali ahedi a sukulu, ena akuluakulu a m'boma, ena abusa a mipingo ikuluikulu. Moyo wakunja umafufuta mbiri ya munthu, amayambiranso pansi ngati mwana wa sitandade 1.

Mmodzi mwa anthu amene adagwirapo ntchito yokolopa mumzinda uno ndi James Barnor wa ku Ghana. Adafika mu 1994 ali ndi zaka pafupifupi 65, atanyamula manegetivu zikwizikwi a zithunzi zimene adajambula kuyambira m'ma 1940, koma padalibe amene ankazifunsa. Lero zithunzi zomwezo zili m'nyumba zotchuka zosungiramo zaluso monga Tate ndi Victoria and Albert Museum.

Ndasankha kulemba za mkuluyu sabata ino chifukwa nkhani yake ikutikhudza ife Amalawi amene tili kuno, ngakhale iye si Mmalawi. Tikuchulukana ku Mangalande kuno. Tikukwatira, tikubereka, ena akuikidwa m'manda konkuno. Nanga ndani akusunga nkhope zathu, ndipo akuzisunga pati?

Adayamba ndi madengu

Barnor adabadwa pa 6 June 1929 mumzinda wa Accra, dzikolo likadali Gold Coast, pansi pa ulamuliro wa Angerezi. Ali mnyamata ankaphunzitsa ana kuluka madengu pasukulu ina ya mishoni, ndipo ahedi a pasukulupo ndiwo adampatsa kakamera kakang'ono ka Kodak Brownie kuti aziseweretsa. Mu 1947 adayamba kuphunzira ntchito kwa mbale wake J.P. Dodoo, yemwe adali katswiri wojambula anthu m'situdiyo.

Achinyamata a lero amene amangodina pafoni n'kuona chithunzi pompopompo sangamvetse kuti ntchitoyi inkalemera bwanji. Kamera ya m'situdiyo idali chibokosi choima pamiyendo itatu. Akajambula, munthu ankalowa m'chipinda chamdima kukatsuka negetivu m'mankhwala, ndipo kuwala kukangolowa pang'ono, chithunzi chapsa basi. Negetivu ikauma, wojambula ankatenga pensulo yosongoka bwino n'kumafafaniza makwinya ndi ziphuphu pankhope ya kasitomala, kadontho ndi kadontho. Situdiyo imene Barnor adatsegula mu 1953 ku Jamestown, dera la asodzi mu Accra, adaitcha Ever Young, kunena kuti wosakalamba. Dzinalo linkagwirizana ndi ntchito ya pensuloyo: wolowa m'menemo ankatuluka papepala ali wosalala ngati wa zaka 20.

Koma iye sadakhutire ndi kukhala m'situdiyo kudikira makasitomala. Nyuzipepala ya Daily Graphic itayamba mu 1950 adakhala wojambula wake woyamba, ndipo mpaka pano amawerengedwa kuti ndiye mtolankhani woyamba wa zithunzi m'dziko la Ghana. Adajambula Kwame Nkrumah asanakhale mtsogoleri wa dziko lodziimira palokha. Adajambula wankhonya Roy Ankrah. Pamene Ghana inkalandira ufulu pa 6 March 1957, iye adali pomwepo ndi kamera yake, kujambula alendo monga Richard Nixon, yemwe panthawiyo adali wachiwiri kwa pulezidenti wa America. Ankatumizanso zithunzi ku magazini ya Drum ya ku South Africa, ija agogo athu ena ankabwera nayo m'sutikesi pochokera ku Joni.

Kwa ife Amalawi pali kanthu kochititsa chidwi apa. Chaka chimene Barnor ankatsegula Ever Young, ndi chomwechonso chimene Dr Hastings Kamuzu Banda adasiya ntchito yake ya udotolo ku Harlesden kuno ku London n'kusamukira ku Gold Coast. Adakakhala ku Kumasi, ndipo adabwerera ku Nyasaland pa 6 July 1958. Njira ya pakati pa London ndi Ghana idali yopondedwa ndithu masiku amenewo, ndipo mbiri ya kwathu idadutsa momwemo.

Zaka khumi mu London wozizira

Mu December 1959 Barnor adabwera ku England kudzaonjezera luso. Adapeza ntchito pakampani yotsuka zithunzi zakala ya Colour Processing Laboratories m'chigawo cha Kent, kenako adalowa sukulu ya Medway College of Art ku Rochester. Nthawi imeneyo zithunzi zakala zidali zachilendo ngakhale kwa azungu eniake, ndiye mwana wa ku Jamestown adaphunzira lusoli likadali lanthete.

Zaka za m'ma 1960 sizidali zophweka kwa munthu wakuda mu London. Kupeza chipinda cha lendi kudali kovuta, eninyumba ena ankachita kulemba pakhomo kuti anthu akuda asayerekeze kugogoda. Nyuzipepala zikajambula munthu wakuda, kawirikawiri inkakhala nkhani ya mavuto. Barnor adaloza kamera yake kwina. Adajambula atsikana a ku Africa atatchena bwino, wina ataima pambali pa galimoto yapamwamba, wina ali pakati pa nkhunda za pa Trafalgar Square, ndipo zithunzizo zinkakhala pachikuto cha Drum n'kumagulidwa ku Accra, Lagos ndi Johannesburg. Mu 1966 adajambula Muhammad Ali akukonzekera nkhonya yake ndi Brian London. Mu 1967 adajambula Mike Eghan, muulutsi wa ku Ghana wa pa BBC, akutsika masitepe a pa Piccadilly Circus atatambasula manja ngati mzinda wonse ndi wa bambo ake.

Kupatula anthu otchukawo, adajambulanso maukwati, mapwando a m'nyumba, ana asukulu ndi mabanja a anthu wamba. Zimenezi ndizo zimandigwira mtima kwambiri ineyo. Anthu aja adali ngati ife: amadzuka usiku kupita kuntchito, amazizidwa pamalo odikirira basi, amatumiza kangachepe kumudzi. Koma Loweruka ankavala suti ndi nduwira n'kuima patsogolo pa kamera kuti kwawo akaone kuti mwana wawo ali moyo ndipo sakuchititsa manyazi.

Kodi si zomwezo ankachita achimwene ndi amalume athu a pa Wenela ndi Theba? M'nyumba zambiri ku Mzimba, ku Dedza ndi ku Mangochi mukadali chithunzi cha bambo atavala chipewa ndi jekete, dzanja lili pa wailesi yaikulu, mwina wailesiyo yobwereka m'situdiyo momwemo. Chithunzi cha munthu wa paulendo ndi kalata. Chimanena zimene pakamwa sipanganene.

Kubwerera kwawo, kenako kuiwalika

Patatha zaka khumi, Barnor adabwerera ku Ghana mothandizidwa ndi kampani ya Agfa-Gevaert, ndipo adakhazikitsa malo oyamba otsukira zithunzi zakala m'dzikolo. Izi zisanachitike, wofuna chithunzi chakala ankayenera kutumiza filimu kunja. Mu 1973 adatsegula situdiyo ina mu Accra yotchedwa X23. Adagwiranso ntchito ku nthambi yofalitsa nkhani ya ofesi ya kazembe wa America, kenako adakhala wojambula wa boma nthawi ya Jerry Rawlings.

Chuma cha Ghana chitasokonekera, ntchito ya m'situdiyo idalowa pansi. Makamera otchipa adafika m'manja mwa aliyense, ndipo wojambula wa pensulo uja adayamba kuoneka wachikale. Ndiye mu 1994 adatulukiranso ku London, ulendo uno wopanda ulemu uliwonse womudikira.

Chimene adachita bwino n'chimodzi: sadataye manegetivu ake. Adawoloka nawo nyanja, adasamuka nawo nyumba ndi nyumba. Mu 2007, Ghana ikukwanitsa zaka 50 za ufulu, mayi wina wa ku Ghana wodziwa zaluso, Nana Oforiatta Ayim, adakonza chionetsero cha zithunzi zake ku Black Cultural Archives. Mu 2010 bungwe la Autograph ABP lidachita chionetsero chachikulu ku Rivington Place, kum'mawa kwa London, mkuluyu ali ndi zaka 81. Mu 2016 boma la Ghana lidampatsa mendulo ya Order of the Volta. Mu 2021 nyumba ya zaluso ya Serpentine, ya m'munda wa Kensington Gardens, idaonetsa ntchito ya moyo wake wonse. Ulemu udamupeza akukhala m'kanyumba kochepa ka okalamba ku Brentford, m'mbali mwa mtsinje wa Thames. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha, komatu kudekha kwa zaka zoposa 60 si kwamasewera.

Anamwino anayi a ku Korle Bu

Chionetsero cha ku Serpentine ndidachiona ndi maso angawa. Adandikokera kumeneko ndi mnzanga wa ku Ghana amene timagwira naye ntchito m'wodi imodzi. Idali nthawi imene tinkangotuluka kumene m'chigumula chachiwiri cha Covid-19, tonse tili otopa mpaka m'mafupa, ndipo kunena zoona ine ndinkafuna kugona tsiku limenelo. Koma kukana mnzako wa shifiti ya usiku n'kovuta.

Pa zithunzi zonse za Barnor, chimene sindichiiwala ndi cha anamwino anayi amene adatsiriza maphunziro pachipatala cha Korle Bu ku Accra, chojambulidwa ku Ever Young cha m'ma 1957. Atsikana anayi, yunifolomu yosita bwino, nkhope za anthu amene akudziwa kuti akwanitsa chinthu. Mnzangayo adandiuza kuti azakhali ake adaphunzira pachipatala chomwecho. Ine ndidakumbuka tsiku limene tidatsiriza maphunziro athu a unamwino kumudzi, mmene tidasonkherana ndalama kuti kameramani atijambule panja pa hositelo. Pa anthu amene tili pachithunzi chimenecho, ena ali ku Manchester, ena ku Ireland, ena akadali kugwira ntchito m'zipatala za boma kumudzi, awiri adatisiya. Chithunzicho ndi malo okhawo amene tikadali pamodzi.

Pantchito yanga ndimaona tsiku ndi tsiku chimene chithunzi chimachita. M'wodi mwathu mumabwera okalamba ambiri odwala matenda oiwalaiwala aja amati dementia. Ena ndi a ku Jamaica, ku Nigeria ndi ku Ghana amene adabwera m'ma 1950 ndi m'ma 1960, ndipo ena mwa iwo adali anamwino a NHS ngati ine ndemwe. Bungwe la Alzheimer's Society lili ndi kafomu kotchedwa This is me, kamene achibale amalembapo dzina limene wodwala amakonda kuitanidwa, zimene amadya, zimene zimamuopsa, ndipo pali malo oika chithunzi. Achibale ena amabweretsanso alubamu yonse.

Kusiyana kwake kumaoneka. Gogo amene wakhala akukana mankhwala, akukalipa usiku wonse, ukamuonetsa chithunzi cha ukwati wake amakhala phee, n'kuyamba kukuuza dzina la telala amene adasoka diresi. Ndipo ife ogwira ntchito timasinthanso. Ukaona kuti mayi wofooka ali pabedi 12 ndi yemweyo waima pachithunzi atavala kapu ya usisitala, manja ako amafewa pomutembenuza. Sukuonanso bedi 12, ukuona munthu.

Ojambula athu a Loweruka

Nafenso Amalawi tili ndi a Barnor athu kuno, kungoti sitiwawerengera. Pali mchimwene wina amene amatijambula pazochitika zathu zambiri. Pakati pa sabata amagwira ntchito usiku m'nyumba yosamalira okalamba. Loweruka m'mawa, ena tikugona, iye amakhala ali pamsewu wa M1 kapena m'sitima ndi zikwama ziwiri, kupita ku Nottingham, ku Leeds kapena ku Manchester. Lero chinkhoswe, mawa ubatizo, sabata yamawa chikondwerero cha 6 July. Pa perekaniperekani amaima maola anayi osakhala pansi, chifukwa aliyense amene waponya ndalama amafuna aoneke. Nsima amadya yozizira, anthu atabalalika.

Ntchito yolemera kwambiri ndi ya pamaliro. Munthu akamwalira kuno ndipo banja lalephera kutumiza thupi kumudzi, mchimweneyu ndiye amaimika kamera kumanda kuti amayi ake a malemu, atakhala pamphasa ku Ntcheu kapena ku Karonga, aone pafoni bokosi la mwana wawo likutsika. Nthawi zina mabanja amamulipirira ulendo wa kumudzi, kudzera ku Addis Ababa kapena ku Nairobi, kuti akajambule ukwati kapena kuika chiliza, Lachiwiri n'kukhala wabwerera kale pashifiti.

Chodandaula chake n'chimodzi, ndipo ndachimva kwa ojambula ena. Timalipira holo, timalipira DJ, timalipira ophika, koma zikafika pa wojambula timayamba za chibale. Timati amangodina basi, nanga foni yanga siijambulanso? Sitiwerengera mtengo wa kamera ndi magalasi ake, mafuta a galimoto, inshuwalansi, ndi mausiku awiri kapena atatu amene amakhala pakompyuta kusankha ndi kukonza zithunzi mazanamazana. Ena amatenga zithunzi n'kudula dzina la wojambula pakona, kenako n'kuziika pa Facebook ngati adajambula okha.

Apa tidziwitsane pang'ono za lamulo. Kuno ku UK, malinga ndi Copyright, Designs and Patents Act ya 1988, mwini chithunzi ndi amene wachijambula, ngakhale mwamulipira, pokhapokha mutagwirizana mwa kulemba kuti umwiniwo wausiya kwa inu. Umwiniwu umatha patapita zaka 70 iye atamwalira. Komanso lamulo lomwelo limakutetezani inu: ngati mwamuitana kudzajambula mwambo wa pabanja, alibe ufulu wofalitsa zithunzizo kwa anthu popanda chilolezo chanu. Kumudzi nako kuli lamulo la Copyright Act la 2016 ndi bungwe la Cosoma loyang'anira za umwini wa luso. Ndiye musanayambe mwambo, khalani pansi, lembani: ndalama zingati, zithunzi zingati, zibwera liti, ndani angaziike pa intaneti. Chibale chimalimba pamene zinthu zili poyera.

Foni si bokosi losungiramo mbiri

Amene tidakula m'ma 1980 ndi m'ma 1990 tikukumbuka kameramani wa panjinga, uja ankazungulira pa Khirisimasi ndi tsiku lotsekera sukulu. Unkalipira theka, n'kudikira kuti filimu ya zithunzi 36 ithe, apite nayo m'tauni kukatsukitsa. Pena ankabwera n'kunena kuti zapsa, iwe n'kungomeza malovu. Koma zikatuluka, chithunzi chimodzicho chinkasungidwa m'Baibulo kapena m'alubamu zaka makumi atatu.

Lero tili ndi zithunzi zikwizikwi m'foni, koma n'zochepa zimene zidzafike kwa adzukulu athu. Foni imagwera m'madzi, imabedwa pa basi, mwini wake amamwalira ndi nambala yachinsinsi m'mutu. Kangapo konse ndaona achibale kuchipatala atagwira foni ya malemu imene sangathe kuitsegula, akufunafuna chithunzi choti aike papulogalamu ya maliro, mapeto ake n'kutenga chosaoneka bwino cha pa WhatsApp.

Ndipo kusunga umboni m'dziko la eni si nkhani ya chikumbutso chokha. Mu 2018 kudaphulika nkhani ya Windrush, pamene zidadziwika kuti anthu amene adabwera kuno movomerezeka ali ana kuchokera ku Caribbean adachotsedwa ntchito, adakanizidwa chithandizo, ena mpaka kuthamangitsidwa m'dziko, chifukwa chosowa mapepala osonyeza zaka zimene akhala kuno. Makadi amene adalembedwa pofika makolo awo adali atawonongedwa ndi boma lomwelo mu 2010. Chithunzi si chitupa, inde, koma phunziro lake n'loonekeratu: mlendo asamadalire kuti wina amusungira mbiri.

Ndiye pempho langa kwa abale ndi alongo amene tili kunja kuno ndi ili. Chaka chilichonse sankhani zithunzi makumi awiri kapena atatu, katsukitseni papepala. Kumbuyo kwake lembani ndi pensulo maina onse, malo, chaka, ngakhalenso mudzi ndi mfumu ya kwanu, chifukwa mwana wobadwira ku Croydon sadzadziwa kuti mayi wa chitenje chobiriwirayo ndi azakhali ake a kwa Kachindamoto. Zina tumizani kumudzi. Mukapita kutchuthi, jambulani ndi foni zithunzi zakale za m'nyumba mwa makolo chiswe chisanazimalize, ndipo funsani maina agogo akadali moyo.

Kumudzi nakonso kuli ntchito. M'matauni monga Limbe, Zomba, Lilongwe ndi Mzuzu mudali masitudiyo amene adajambula mibadwo yathunthu, ndipo eni ake ambiri adakalamba kapena adapita. Ngati bambo kapena agogo anu adali kameramani ndipo m'nyumba muli katoni ya manegetivu, chonde musayatsire moto. Isungeni pouma, posafika dzuwa. Kuli National Archives ku Zomba, kulinso laibulale ya Society of Malawi ku Mandala House mu Blantyre, malo amene ntchito yawo ndi kusunga zinthu zotere. Tili ndi ojambula a luso lero monga Amos Gumulira, Thoko Chikondi ndi Eldson Chagara, amene zithunzi zawo zimafika m'nyuzipepala za dziko lonse lapansi. Iwowa ali ndi amene adawatsogolera, ndipo ntchito ya akalewo ili m'makatoni pansi pa mabedi.

Mwezi wamawa kuli chinkhoswe cha mwana wa mnzathu wina kuno. Komiti yagwirizana kale kuti wojambula alandire zake zonse mwambo usanayambe, apatsidwe mbale yotentha pamodzi ndi alendo, ndipo banja lilandire alubamu yapapepala, osati ulalo wa pa intaneti wokha. Makomiti ena a ku Manchester ndi ku Nottingham, nkhani ndi imeneyo.